Kamzere ka wogulitsa purosesa

Pa masamba a malonda monga eBay ndi AliExpress, mapurosesa akale a laputopu amagulitsidwa ndi kamzere kamodzi ndi chithunzi. Kamene ndikufuna tiwerenge kali motere: Intel Core i7-3632QM SR0V0 Quad Core 2.2GHz 35W Socket G2 Tested. Mulibe mneni, mulibe moni, ndipo wolemba sanavutike n'kuika mpumiro. Mwini Lenovo ThinkPad T430, laputopu ya 2012 imene ambiri tinaipeza itagwira kale ntchito mu ofesi ina kunja, akaona kamzereka maso ake amathamangira pa i7 n'kuyamba kuwerengera ndalama. Koma pa mawu onse ali pamenepo, i7 ndi amene akunena zochepa.

i7 ndi dzina la pashelefu, loti wogula adziwe kuti apa n'podula. M'chaka chomwecho Intel inatulutsa i7-3520M, ya ma core 2 okha, chimodzimodzi i5-3320M imene ma T430 ambiri anabwera nayo. Wochotsa i5 ija n'kuikamo i7 imeneyi wagula 2.9GHz m'malo mwa 2.6GHz, ndiponso dzina loti azinyadira kwa anzake. Chimene chikusintha zinthu pa kamzere kathu ndi chilembo Q, chobisala kumapeto kwa nambala: ma core 4, kutanthauza antchito anayi pamene panali awiri. Wogulitsa akudziwa kuti anthu saona Q, n'chifukwa chake wabwereza poyera kuti Quad Core. Pa kamzere konseka ndi pokhapa pamene chinthu chanenedwa kawiri.

Kenako pakubwera 2.2GHz, ndipo apa wowerenga mofatsa ayenera kudodoma, chifukwa nambalayi ndi yochepa kuposa 2.6GHz imene ali nayo kale. Ikafika pothamanga zedi, i5 yakaleyo imakwera mpaka 3.3GHz, pamene i7 iyi imalekera pa 3.2GHz. Choncho amene ntchito yake ndi kulemba makalata ndi kutsegula Facebook sadzaona kusiyana kulikonse. Phindu limaoneka pa ntchito yogawika, monga kukonza vidiyo ya ukwati kapena kuyendetsa mapulogalamu olemera angapo nthawi imodzi. Kamzereka sikananama, kangosiya kuti i7 ifuule mpaka 2.2 isamveke.

Nambala 3632 nayo ili ndi zake. 3 woyambayo ndi m'badwo wachitatu, umene Intel inautcha Ivy Bridge. 2 wakumapetoyo ndi amene ndimamukonda. Pali purosesa ina, i7-3630QM, yosiyana ndi iyi pa nambala imodzi yokha, yothamanga pang'ono kuposa iyi, koma ya 45W. Iyi ndi ya 35W, ndendende ndi i5 imene ikuchotsedwa. Nambala ya W imeneyi ikunena kuchuluka kwa kutentha kumene kafani ndi kapaipi ka kopa ka m'kati mwa laputopu ziyenera kutulutsa. Mukaika ya 45W pamene anapimira 35W, laputopu imayaka ndithu, koma ikalemedwa ntchito imatentha, ndipo purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ndi kutentha kwa mu Okutobala, m'chipinda cha malata, kafani katadzaza fumbi, 10W yoonjezerayo imamveka pantchafu. Wogulitsa amene walemba 35W poyera ndimamuona kuti akudziwa amene akumulembera.

Tifike pa SR0V0, kamene kamaoneka ngati munthu anagwera pa kiyibodi. Aka ndiye mwini nkhani. Intel inapanga 3632QM m'maonekedwe awiri. Ina ili ndi timiyendo 988 tolowa m'soketi imene imatseguka ndi sukuludiraiva, ndipo ndi imene chizindikiro chake ndi SR0V0. Ina ili ndi timipira tachitsulo pansi pake ndipo imawotchereredwa pa motherboard kufakitale. Dzina ndi limodzi, liwiro ndi limodzi, koma yachiwiriyo singalowe m'soketi. Choncho Socket G2 ndi zimene wogulitsa akunena, pamene SR0V0 ndi zimene zalembedwa pa purosesa yeniyeniyo, ndipo wogula akhoza kukuza chithunzi n'kuona ngati zikugwirizana. Ngati pachithunzipo palembedwa Intel Confidential, ndiye kuti ndi zija Intel imapereka kwa opanga makompyuta kuti ayesere isanayambe kugulitsa, ndipo zina mwa izo zimavuta. Zotere kungozisiya.

Mawu akuti Tested ali kumapeto, pamalo a siginecha, koma sakunena kuti anayesa ndani, pa kompyuta yanji, kwa mphindi zingati. Kuyatsa n'kuona chizindikiro cha Lenovo ndi kuyesa, kuithamangitsa usiku wonse nakonso ndi kuyesa. Ine ndimakhulupirira chithunzi cha kunsi kwa purosesa kuposa liwu limeneli, chifukwa kamwendo kamodzi kopindika pa 988 kamaoneka, ndipo katundu akakhala wochokera kutsidya la nyanja, kumubweza kumadya ndalama zoposa mtengo wake.

Chimene kamzereka sikanena n'komwe ndi laputopu yanu. Kakufotokoza purosesa ngati kuti ili yokha padziko. T420 ya 2011 ili ndi soketi yomweyi, ndipo purosesayi imakhalamo bwinobwino, timiyendo tonse m'malo mwake, koma BIOS ya Lenovo ya m'menemo siidziwa m'badwo wachitatu, ndiye sikirini imangokhala bii. Alipo amene amachotsa BIOS ija n'kuikamo ina yotchedwa coreboot, koma imeneyo ndi ntchito ya anthu oleza mtima. T430s, imene yangoonjezera s pa dzina, ndi X230 yaing'ono, zonse purosesa yake ndi yowotcherera. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumeneku kunaonekanso pa mapurosesa a m'badwo wachinayi wa 2013: i7-4700MQ ndi yazimiyendo, i7-4700HQ ndi yowotcherera. Kuchokera pa m'badwo wachisanu Intel inasiyiratu soketi pa mapurosesa a laputopu. Ndiye kamzere ngati aka ndi ka mtundu wa zolemba zimene sizidzalembedwanso za katundu watsopano, ndipo amene ali ndi laputopu ya 2016 kapena 2020 akawerenga akungotaya nthawi. Iye ayang'ane RAM ndi SSD, zimene ngakhale kwa wa T430 ndikanati ayambire pomwepo ngati akadali ndi hard disk yozungulira.

Sikakunenanso za Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11 kwenikweni ukuyambira m'badwo wa 8. Q ija singasinthe zimenezi.

Kwa mwini T430 amene amakonzadi mavidiyo, ndipo watsegula laputopu yake n'kuona soketi ndi maso ake, kamzereka kakunena zoona ndipo angagule. Awonjezere kachubu ka thermal paste pa oda yomweyo, chifukwa wakale amakhala atauma ngati dothi la mu Seputembala, ndipo wogulitsa sanalonjeze kuti atumiza.