Mbiri ya a Tom Benson: Kodi Moyo wa Munthu Ungaonkhetsedwe?

Munthu wachuma akamwalira atakalamba, olemba nkhani savutika kupeza mawu. Amaŵerenga zaka zake, malonda ake ndi mphatso zake, monga momwe kalaliki amaonkhetsera ndalama madzulo asanatseke buku. Ndi mmene zinakhalira pamene a Tom Benson a mumzinda wa New Orleans, ku America, anatsikira kulichete pa 15 Malichi 2018 ali ndi zaka 90. Mbiri zimene zinalembedwa masiku amenewo n'zoyenera kuziunika, pakuti chilema chake n'chomwecho chimene timachimva m'mbiri zoŵerengedwa pamaliro a akuluakulu athu.

Mbali yokoma ya nkhaniyi njoona ndithu. A Benson anabadwa mu 1927 m'banja losalemera. Anayamba ngati wolemba mabuku a ndalama pamalo ogulitsira galimoto za Chevrolet. Mu 1956 anasamukira ku San Antonio kukayendetsa malonda omwewo, ndipo m'kupita kwa nthaŵi anakhala mwini malo ambiri ogulitsira galimoto, pamodzi ndi mabanki. Mu 1985, pamene kunamveka kuti timu ya mpira ya Saints ingachoke mumzinda wa kwawo, iwo anaigula. Timuyo ikapambana, ankavina pabwalo ambulera ili m'manja, khamu likusekerera. Anali Mkatolika wopatsa: sukulu ya ukachenjede ya Loyola, ya ansembe Achijezuiti, kumene iwo anaphunzira, anaipatsa madola 8 miliyoni. Misa ya maliro awo inachitikira m'tchalitchi lalikulu la St. Louis.

Koma pali mitu iŵiri yoŵaŵa. Mu Ogasiti 2005 namondwe wotchedwa Katrina anamiza mbali yaikulu ya New Orleans. Bwalo la Superdome, kumene timu yawo inkaseŵera, linasanduka msasa wa anthu zikwizikwi othaŵa madzi, ndipo denga lake linasasuka. Timu inakaseŵerera ku San Antonio ndi ku Baton Rouge, ndipo anthu ambiri anakhulupirira kuti mwini wake afuna kuuthaŵa mzindawo pa tsoka lake. Dzina lawo linanyozedwa kwambiri. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Timuyo inabwerera mu Sepitembala 2006, ndipo mu 2010 inatenga chikho cha Super Bowl, anthu omwe aja n'kuwanyamula pamutu.

Mutu wachiŵiri ndi wa m'nyumba. Mkuluyu anaika m'manda akazi aŵiri ndi ana aŵiri mwa ana ake atatu. Mu Januwale 2015 analengeza kuti matimu ake adzasiyira mkazi wake wachitatu, mayi Gayle, osati mwana wake wamkazi ndi adzukulu aŵiri amene anthu ankawayesa oloŵa m'malo. Iwo anakasuma kukhoti ponena kuti nzeru za agogo awo zatha. Nkhalamba ya zaka 87 inapimidwa ndi madokotala, ndipo mu Juni woŵeruza anagamula kuti mutu wake ukugwirabe ntchito. Mlandu anapambana, koma kodi pamlandu wa bambo ndi mwana wake alipo wopambana?

Apa ndi pamene olemba mbiri ambiri amapunthwa. Ena amatchula zoŵaŵazi mothamanga, ngati ngongole yaing'ono imene phindu lalikulu laifafaniza. Ena amazikometsera ngati miseche ya pamoŵa. Onseŵa akugwiritsa ntchito sikelo imodzi, ya wamalonda: zabwino uku, zoipa uko, tione kotsala. Koma taganizirani, okondedwa aŵerengi. A Benson akadamwalira mu 2005, mbiri yawo ikadakhala ya munthu wothaŵa anzake m'madzi. Akadamwalira mu 2010, ikadakhala ya ngwazi yopanda banga. Poti anafika 2018, tinaonanso misozi ya pakhomo pawo. Munthu mmodzi, mbiri zitatu! Nanga yoona ndi iti?

Moyo wautali si mphotho ya ochita bwino, monga mbiri zotere zimafunira kutikhulupiritsa. Ndi nthaŵi yoonjezera imene munthu amapatsidwa: nthaŵi yokonza zimene analakwa, komanso nthaŵi yoti n'kulakwanso. Mbiri yabwino iyenera kuonetsa ulendo umenewu, kugwa ndi kudzuka kwake, osati kungondandalika nyumba zimene zalembedwa dzina la malemu pakhoma. Dzina la pakhoma lingatiuze kukula kwa mphatso, koma silingatiuze mtima wa woperekayo, ngakhalenso zimene zinali kuchitika usiku umene iye sanagone tulo.

N'chifukwa chake Mpingo, posonkhana mozungulira bokosi la munthu wotchuka, suchita mwambo womulengeza kuti ndi woyera. Umamupempherera chifundo, monga momwe umapempherera wosauka wosadziŵika dzina. Ife amene timalemba ndi kuŵerenga mbiri za makolo athu titengerepo phunziro: tisaname powatamanda, tisawavule powadzudzula, ndipo chiŵeruzo chomaliza tichisiyire Mwini moyo.

Kwa amene tikali ndi mpweya, makamaka inu akuluakulu amene Mulungu wakudalitsani ndi zaka ndi katundu, phunziro n'lapafupi. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chikhoza kuthyoka. Itanani ana anu lero, mukambirane za chuma chamasiye maso ali openya, ndipo mukhululukirane. Khoti lingagaŵe katundu, koma silingabweze mwana pamphasa ya bambo wake.