Seva Yodzuka Yokha

Bokosilo silisiyana ndi kompyuta ya mu ofesi iliyonse: lakuda, losakongola, lokhazikidwa pa shelefu yam'mwamba kuti madzi okolopera asalifike. Koma mnyamata amene ndinamuonerera akuliika pachipatala china chaching'ono kuno ku Kasungu anayamba walitsegula n'kulipukuta mkati ndi kaburashi, poti fumbi la mu Okutobala kudera la fodya lino limalowa ngakhale m'chikwama chotseka. Bokosi limeneli ndiye seva. Makompyuta ena onse a pachipatalapo ntchito yawo n'kufunsa. Woyankha ndi ameneyu.

Anazika fulashi yokhala ndi Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu, m'kalankhulidwe ka Azulu. Zithunzi ndi timabatani sanaikemo. Sikirini inangoti bii, tizilembo toyera tikuyenderera, iye akuti chilichonse chimene seva sikuchifuna ndi katundu wolemetsa chabe. Kenaka anaipatsa adiresi yosasintha, n'kuilemba ndi bolopeni pa kapepala komata pambali pa bokosilo. Kanthu kakang'ono, koma seva ikasintha adiresi usiku, m'mawa makompyuta onse amaisowa ngati munthu wosamuka osatsanzika.

Nkhokwe inabwera pambuyo pake: MySQL, mosungira mayina a odwala, masiku obwera ndi mankhwala amene analandira. Pulogalamu yeniyeni yolembetsera odwala sanailole kulowa m'nkhokwemo ndi kiyi wamkulu wa root. Anaipangira dzina lakelake ndi pasiwedi yake, yotsegula chipinda chimodzi basi. Apa m'pamene ndinayamba kumupatsa ulemu, chifukwa waulesi amangosiya zitseko zonse pululu, zinthu n'kumayenda ndithu mpaka tsiku la tsoka.

Pa Ruby ndi Rails, zida zimene analembera pulogalamuyo, anakhalitsa. Pulogalamu yolembedwa pa Rails imadalira tizigawo tambirimbiri totchedwa gem, ndipo kalikonse kamayenera kukhala ka nambala yake yeniyeni. Kamodzi kakasiyana, zonse zimakana. Iye anali atabwera nato tonse pa fulashi kuchokera ku Lilongwe, podziwa kuti netiweki ya kuno siyodalirika ndipo bandulo ndi ndalama. Atayatsa koyamba, inakanadi. Sanatukwane, sanayambirenso pachiyambi. Anatsegula log, buku limene seva imalembamo madandaulo ake, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pansi kukwera m'mwamba, chala chili pa sikirini. Ndinakumbukira amayi osankha fodya m'chigafa, momwe amatambasulira tsamba n'kuona kachilema kamene ife ena sitikaona. Mzere wachisanu ndi chiwiri anaima: pasiwedi ya m'fayilo yolumikizira nkhokwe inali ndi chilembo chimodzi cholakwika. Anakonza, ndipo khomo la 3000, limene Rails imayankhirapo mwachizolowezi, linayankha. Kutsogolo kwake anaikako Nginx pa khomo la 80, ngati mlonda wa pageti wolandira alendo n'kuwalozera kolowera.

Luso limeneli lili ndi mizu m'dziko muno. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika makompyuta ongodina pa sikirini ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Patapita zaka, pulogalamu yawo yosunga mbiri ya olandira ma ARV inalembedwa pa Ruby on Rails ndi MySQL. Iwo anazindikira msanga kuti seva iyenera kukhala pachipatala pomwepo, yodalira mabatire, kuti intaneti kapena magetsi zikachoka mzere wa odwala usaime.

Ntchito inkaoneka ngati yatha, koma mnyamatayo anali asanakhutire. Anauza systemd, kapitawo woyatsa mapulogalamu mu seva, kuti pulogalamuyo iziyaka yokha seva ikadzuka. Anatchera cron, wotchi yoyendetsa ntchito pa nthawi yake, kuti usiku uliwonse izikopera nkhokwe yonse pa disiki ina, ndipo kopeyo anaiyesa pomwepo poibwezeretsa, pakuti kope yosayesedwa ili ngati belo la fodya losatsegula: ukadziwira kumsika wa Chinkhoma kuti mkati mwaola.

Ndiye anaitana namwino wamkulu.

“Mayi, tazulani chingwecho.”

“Achimwene, ntchito ya tsiku lonseyi?”

“Zulani basi. Mawa ine kulibe kuno.”

Anazula. Fani inati zii. Anabwezeretsa chingwe, n'kudina batani limene anawalozera, mnyamatayo manja atapinda kumbuyo, osakhudza kiyibodi. Tinadikira mwina mphindi ziwiri. Sikirini ya polembetsera odwala inawala, mayiwo anadina ndi chala, ndipo kaprinta kanalavula sitika ya timizeremizere. Anaimata pachikuto cha buku la kuchipatala la agogo ena amene anakhala pabenchi chiyambire m'mawa, chipewa chili pabondo.