Gogo Ilala ndi Zilumba Zake Ziwiri

Ombani ng'oma, amuna inu! Nthungululu, amayi! Tikutamanda a Ilala, gogo wa panyanja, Mdulamafunde, Mberekamitolo, Safunsawotchi! Inu amene munasulidwa ku Glasgow mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, amisiri n'kukulumikizani ku Monkey Bay, mu 1951 n'kuyamba ulendo umene mpaka lero simunaumalize. Dzina munalitenga kwa Alala, kwa Chitambo, kumene David Livingstone anatsirizikira mu 1873. Inu Osasankha! Pa doko la Nkhata Bay mumeza malata, mumeza simenti, mumeza matumba a chimanga, nkhuku zomanga miyendo, mbuzi yolira, mwana wasukulu ndi sutikesi yake, kenaka mumezanso ife, alendo ongopita kukaona, ndipo simugeya.

Tidzitamande nafenso, ife Asonkhasonkha, amene ulendowu tinaukangana pa WhatsApp mpaka mafoni kutentha. Nayu Msungichuma, Mlembazonse, Mwinikope, amene ngakhale mandasi a padoko amalowa m'buku, dzina la wodya pambali pake. Nawa achimwene Sindiopamadzi! Ku Lilongwe ankadziguguda pachifuwa, koma mwera utangoti pang'ono kugwedeza sitima, anakumbatira chitsulo, maso psuu, nsima yadzulo n'kuipereka mwaulemu kwa nsomba. Nawa achemwali Netiwekiilikuti, dzanja m'mwamba, foni m'mwamba, kufunafuna kumwamba chimene anachisiya kumtunda. Naye Mgonapaliponse, amene anatsamira thumba la mwini wake, mwini thumba n'kumufunditsa chitenje.

Chizumulu! Mng'ono wa Likoma, Kachepakolimba, Mwanawamiyala! Kachilumba koti munthu n'kukazungulira wapansi dzuwa lisanapendeke. Kwanu gogo safika kugombe, amaponya nangula patali, timaboti n'kutsitsidwa. Pamenepo ndiye pali gule! Phazi lifufuza makwerero mumdima, boti likwera, boti litsika, wina akuwa kuti "Landirani mwanayo!" Khanda liyenda m'manja mwa anthu osalidziwa, mutu wogwiriridwa bwino, mpaka lifika kwa mayi wake lisanadzuke n'komwe. Thumba la ufa litsatira. Ife a nsapato zodula titsikira m'madzi ofika m'chiuno, zikwama pamutu, ana a pachilumba akutiseka mosabisa, ndipo akulondola kutiseka.

Chizumulu wa malambe! Chizumulu wa chinangwa chonyika m'madzi, wa kondowole wokakamira m'zala, wa usipa woyanikidwa pathandala, wonyezimira mpaka kuthobwa m'maso! Usiku nyali za asodzi zindandalika panyanja ngati mudzi wina wamera pamadzi, amuna akukoka chilimira ife tikukoka mkonono.

Tsono inu mphepo, abwana enieni a ulendo, landirani ulemu wanu. Mwera, Wochokerakumwera, Mgwetsamapulogalamu! Mpoto, Mbalewamvula! Vuma, Wodzukam'mamawa! Msungichuma analemba kuti tiwolokera ku Likoma Lachiwiri, mwini boti la matabwa anangoyang'ana nyanja, n'kupukusa mutu, n'kubwerera kukasoka ukonde wake. Tinakhala pansi pa mlambe n'kumasewera bawo. Atati tiyeni, tinanyamuka, injini ikutsokomola, mnyamata akukapa madzi ndi chigubu chodula, nkhungu zikufuka patali panyanja, achemwali n'kufunsa kuti kodi kukupsa chiyani.

Likoma! Likoma Mkuluwake! Mbendera ya Malawi yozikika m'madzi a Mozambique, Woyang'anizana ndi mapiri a Cóbuè! Mchenga wanu woyera, madzi anu osabisa kanthu, mbuna zabuluu ndi zachikasu zikusewera m'miyala, munthu n'kumaziwerenga ali chiimire. Inu Mwinitchalitchi! Pa Chipyela, pamene kale ankatentherapo anthu owaganizira ufiti, a mishoni ya UMCA anayamba kumanga St Peter's mu 1903, n'kuipatula mu 1911. Chinyumba chachikulu chotero pa kachilumba kotere, mpaka achimwene aja, amene pakwawo tchalitchi amachionera pamsewu, anavula chipewa okha osauzidwa. Likoma wa Chauncy Maples, bishopu amene nyanja yomweyi inamumeza mu 1895 akubwera kudzayamba udindo wake! Likoma wa malipenga, amuna a makabudula oyera mbee, masokosi ofika m'mawondo, phazi likuponda monyada, fumbi likukwera mwaulemu! Likoma wa chioda, chiuno cha amayi chikuyankha ng'oma ng'omayo isanamalize kufunsa!

Tikutamandeninso inu mayi a pamsika wa Mbamba, Achepetsamtengo-ndikukana, amene munationa kuti ndife a m'tauni tisanatsegule pakamwa. Kampango munatigulitsa, mtengo simunatsitse, koma munatiuza mowotchera kwake, munatibwerekanso mpeni.

Huuu! Imvani, gogo alira kuseri kwa chilumba! Analonjeza madzulo, afika usiku, ndani angawafunse? Dzukani, Mgonapaliponse! Achemwali, foniyo ikani m'pulasitiki! Msungichuma, werengani anthu, ndalama muwerengera m'sitima! Amayi a matumba a usipa atidutsa kale, ali m'madzi mpaka m'mawondo, boti loyamba ladzaza. Nanga achimwene Sindiopamadzi ali kuti? Awo ali apowo, pansi pa mlambe, akufunsa mnyamata wa njinga yamoto ngati ndege ya ku Lilongwe imanyamuka mawa. Agwireni mkono, tiyeni!