Nakhane Anachoka mu Mpingo, Kwaya Anapita Nayo

Tauni ya Alice, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, ndi kwawo kwa sukulu ya mishoni ya Lovedale. Kumeneko n'kumene kunachokera William Koyi, mlaliki wachixhosa amene anafika kuno ku Malawi mu 1876 kudzathandiza amishoni a Livingstonia, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito pakati pa Angoni a kumpoto. Choncho munthu wokulira mu CCAP akamva kaimbidwe ka matchalitchi a dera limenelo sachita chilendo: mawu anayi oyenda pamodzi, sopulano patsogolo, besi pansi, nyimbo yosathamanga. M'tauni yomweyi munabadwa woimba Nakhane mu 1988. Anakulira ku Port Elizabeth, kumene lero kumatchedwa Gqeberha, m'banja la anthu oimba kwaya, ndipo chimbale chake cha You Will Not Die, chimene chinatuluka mu 2018, chinamangidwa ndi kaimbidwe kameneka ngakhale kuti nkhani yake ndi ya munthu wochoka mu mpingo.

Nakhane amakonda amuna. Ali mnyamata ku Johannesburg anathera zaka mu mpingo wokhwimitsa malamulo, akupemphera kuti chikondi chimenechi chimuchoke, koma sichinachoke. Chimbale chake choyamba, Brave Confusion cha mu 2013, anachiimba akadali pakati pa nkhondoyo, ndi gitala wopanda magetsi, pa dzina la Nakhane Touré limene anadzipatsa polemekeza Ali Farka Touré wa ku Mali. Chinapata mphoto ya zoimbaimba ya ku South Africa ya SAMA mu 2014. Pofika pa chimbale chachiwiri anali atasiya Chikhristu, atasiyanso dzina la Touré, gitala uja atamuika pambali. Nyimbo anazikhazika pa piyano ndi pa zoimbira za magetsi, mothandizana ndi Ben Christophers wa ku England.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kwaya sanaisiye. Woimba wokwiyira mpingo sizimuvuta kutenga zinthu za kutchalitchi n'kuzichita chipongwe. Lil Nas X anatero mu 2021 pa kanema wa nyimbo ya "Montero (Call Me by Your Name)", pamene anatsetsereka kupita kugehena n'kukavina ndi Satana. Sindikumunyoza, chifukwa mwana amene anaopsezedwa ndi moto kuyambira ali wamng'ono ali ndi chifukwa choyankhira mokweza. Koma luso lotere limagunda kamodzi, ukadzidzimuka basi zathera pomwepo. Nakhane anasankha ntchito yovutirapo. Mawu osanjikizana ngati a kwaya amene amamveka kumbuyo kwa nyimbo zake amaimbidwa ndi ulemu wonse, monga mmene angaimbire munthu amene anawaphunzira kwa amayi ndi azakhali ake. Womvera amakhala ndi zinthu ziwiri m'khutu nthawi imodzi: kukoma kwa nyumba imene woimbayo anakuliramo, ndi ululu woti m'nyumbamo analibe malo.

Nyimbo ya "Presbyteria" ndi imene imaonetsa bwino zimenezi. Imayenda mwapang'onopang'ono, piyano ili patsogolo, ndipo imabwerera ku tchalitchi cha ubwana wake. Akanakhala wina akanaikamo mawu oweruza abusa ndi akulu ampingo. Nakhane amangokumbukira, ndipo liwu lake limakwera pamwamba, lopyapyala koma losagwedera, ngati la mwana amene anasankhidwa kutsogolera nyimbo Lamulungu m'mawa. Kudziletsa kumeneku n'kumene kumapweteka. Munthu sumva mdani wa mpingo, umamva mwana wa mpingo, ndipo mkhristu womvera sangathe kunena kuti izi ndi za anthu akunja amene sadziwa za ife.

Dzina la chimbalechi linachokera pa Miyambo 23:13, vesi lolimbikitsa makolo kulanga mwana ndi ndodo popeza kukwapulako sikupha. Ambiri a ife tinalimva vesili tisanadziwe kuwerenga. Nakhane analitenga n'kulitembenuza: chimene chinkanenedwa pokhululukira wokwapula chinasanduka chilimbikitso kwa wokwapulidwa. Nyimbo imene ili ndi dzinali imanena za kusiyidwa, za kudzuka m'mawa n'kupeza kuti ukadali moyo ngakhale amene unkamudalira wapita. Amene wapitayo angakhale wokondedwa, angakhale kholo, angakhalenso Mulungu, ndipo nyimboyo siumiriza womvera kusankhapo mmodzi. Ndikuona kuti apa pali nzeru ya wolemba wodziwa kuti kwa munthu ngati iye kutaya zitatuzi kumachitika nthawi imodzi.

Frank Ocean anachitapo zofanana mu 2012 pa chimbale cha Channel Orange. Mu nyimbo ya "Bad Religion", limba la kutchalitchi likulira, amaulula kwa dalaivala wa takisi za chikondi chake pa mwamuna amene sangamubwezere chikondicho. Koma kwa Ocean tchalitchi ndi chovala cha nyimbo imodzi. Kwa Nakhane ndi msana wa chimbale chonse, kuyambira "Violent Measures" kufikira "Teen Prayer".

Chimbalechi sichili cha misozi yokhayokha, ndipo apa m'pamene nkhani yoonetsa anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha m'nyimbo imafuna kusamala. Nthawi zambiri anthu otere amaloledwa kuoneka pokhapokha akuzunzika, kuti womvera awamvere chisoni ali patali. "Interloper" imakana zimenezi. Ili ndi ng'oma yodinda mwamphamvu, ndipo woimbayo ndi wansanje, waukali, wosasangalatsa kwenikweni. "Clairvoyant" ndi nyimbo ya chikondi chabe, ndipo kanema wake amaonetsa amuna awiri m'nyumba mwawo, akukhala monga amakhalira anthu okondana. Kumulola munthu kukhala wansanje m'nyimbo ndi kumupatsa umunthu wonse. Woyera mtima wozunzika timamusirira kenako n'kumuiwala, koma wansanje timamudziwa chifukwa tinakhalapo iye.

Chimbalechi chinatuluka pa nthawi yoopsa kwa mwini wake. Mu 2017 Nakhane anasewera ngati Xolani, phungu wa anamwali, mufilimu ya Inxeba ya John Trengove, imene imanena za chikondi cha amuna awiri kuchinamwali cha Axhosa. Anthu ena anakwiya kwambiri, iye anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo mu February 2018 filimuyi inaikidwa m'gulu la X18, limodzi ndi zolaula, mpaka khoti la ku Pretoria linathetsa chigamulocho chaka chomwecho. Izi zinachitika m'dziko limene malamulo ake analola maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2006. Nakhane anasamukira ku London. N'chifukwa chake nyimbo ya "New Brighton", imene anaimba ndi Anohni n'kuiwonjezera pa chimbalechi mu 2019, imandikhudza. Imatchedwa dzina la malo okhala anthu akuda ku Port Elizabeth, imayang'ana mayina ndi zipilala za atsamunda mumzindawo, ndipo imamuimika woimbayo pakati pa anthu a kwawo ndi makolo awo. Amene ankanena kuti si Mxhosa weniweni anayankhidwa ndi nyimbo yotchula malo a kwawo mwachikondi.

Pali zimene sindikhutira nazo. Pakati pa chimbalechi nyimbo zolemera zimatsatana kwambiri, zonse zoyenda pang'onopang'ono, moti khutu limatopa lisanafike kumapeto. Kajambulidwe ka ku London kanasalaza zinthu mopitirira. Kwaya ya kwathu kuno kumwera kwa Africa ili ndi kukhakhala kwake, mayi wina wokweza kuposa anzake, bambo wina wochedwa kulowa, ndipo pa chimbalechi kukhakhalako kunachotsedwa. Ndikanakondanso Chixhosa chikanamveka kwambiri, chifukwa anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza koposa amapemphera m'chinenero chimenecho.

Mu 2023 Nakhane anatulutsa Bastard Jargon, chimbale chovinika chimene anagwirapo ntchito ndi Nile Rodgers, ndipo pa nyimbo ya "Do You Well" anaimba ndi Perfume Genius. Chimanena za thupi ndi chisangalalo mosabisa, ndipo n'zomveka kuti munthu amene analira mokwanira afune kuvina. Komabe pa zimbale zitatuzi ndimaika You Will Not Die patsogolo, chifukwa ndi pamenepo pamene kamangidwe ka nyimbo kamanena nkhani yomwe mawu akunena: wina ataimva osadziwa Chingerezi akhoza kuzindikira kuti woimbayu analeredwa ndi kwaya ya mpingo, ndiponso kuti akutsanzikana nayo.