Anamwino Amene Amafunsa Chifukwa Chake

M'zipatala za ku Kanyama, Chawama, Matero ndi Mtendere, nkhondo yolimbana ndi khansa ya khomo la chiberekero ili m'manja mwa anamwino. Zinayamba mu 2006, pamene Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la CIDRZ anakhazikitsa ndondomeko yoyeza amayi mu Lusaka, motsogozedwa ndi madokotala Mulindi Mwanahamuntu ndi Groesbeck Parham. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kudikira pang'ono. Pamene payamba kuwonongeka pamayera mbuu. Amajambula ndi kamera, n'kumuonetsa mayiyo chithunzicho kuti aone yekha ndi maso ake. Poyamba, kachilonda kakang'ono ankakapha tsiku lomwelo ndi mpweya wozizira kwambiri. Amayi a zilonda zazikulu ankawatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH.

Ulemu wanga wapadera ukupita kwa anamwino amene amabwerera kusukulu ya unamwino ya pa yunivesite ya UNZA kukachita digiri yachiwiri ndi kafukufuku. Mafunso awo amawatenga pamzere wa pachipatala pomwe. N'chifukwa chiyani mayi wogulitsa tomato pamsika sabwera kudzayezedwanso? Bambo a kunyumba amati chiyani? Nanga amayi omwe ali ndi HIV, amene bungwe la WHO limati chiopsezo chawo n'chachikulu kasanu ndi kamodzi kuposa cha amayi ena, akufikiridwa onse?

Kulemba zimenezi usiku, thupi litatopa ndi ntchito, n'kovuta. Koma m'misonkhano ya khansa monga ya AORTIC mukufunika mawu a munthu amene anagwirapo dzanja la mayi wamantha, ndipo akudziwa kuti nthawi zina chomulepheretsa kupita ku Cancer Diseases Hospital ndi ndalama ya basi.