Cara Black ndi Luso la Awiriawiri

Munthu akaima pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza upatukira kusiya wa ku Lilongwe, nayang'ana mabasi amene amanyamula ana a dziko lino kudzera ku Tete mpaka ku Harare, ayenera kukumbukira kuti mumzinda umenewo, momwe makolo athu ambiri anakhetsera thukuta lawo, munabadwa m'chaka cha 1979 mwana wamkazi, Cara Black, amene mbiri yake inadzafika ku malekezero a dziko. Bambo ake, a Don Black, omwe nawonso anasewerapo tenesi ku Wimbledon, anakonza mabwalo a kapinga pakhomo pawo, naphunzitsirapo Cara pamodzi ndi alongo ake, Byron ndi Wayne, pakuti kuongola mtengo m'poyamba.

Luso limene anatchuka nalo ndilo tenesi ya awiriawiri, imene ambiri saipatsa ulemu woyenera, chikhalirecho woima pafupi ndi ukonde ayenera kuzindikira maganizo a mnzake popanda mawu, kuubweza mpira usanagwe pansi, ndi kuthamangira malo amene mnzakeyo wawasiya. Mwa luso lotere Cara anatenga zikho khumi za mipikisano inayi ikuluikulu. Cha ku Paris mu 2002 ndi cha Wimbledon mu 2004 anatenga ali ndi mlongo wake Wayne. Mu 2007, atagwirizana ndi Liezel Huber, anapambana ku Australia ndi ku Wimbledon, nakhalanso woyamba pa dziko lonse pa tenesi ya awiriawiri. Ndipo mu 2010, pamodzi ndi Leander Paes wa ku India, anatenga chikho cha ku Melbourne, ku Australia, chimene chokha chinali chitamutsalira pa masewera a mwamuna ndi mkazi.