Chikalata cha Marrakesh ndi Funso la Matchalitchi

Mu Januwale 2016, ma ulama ochokera m'maiko ambiri adakumana ku Marrakesh, m'dziko la Morocco, motsogozedwa ndi Sheikh Abdallah bin Bayyah. Adatulutsa chikalata chokhudza ufulu wa anthu a zipembedzo zina okhala m'maiko omwe Asilamu ndi ochuluka. Apa nkuti gulu la ISIS litathamangitsa Akhristu ku Mosul mu 2014. Mfundo yaikulu ya chikalatachi ndi yoti wosakhala Msilamu ndi mzika yofanana ndi Msilamu, ndipo maziko ake ndi Pangano la Madina.

Cholingacho nchabwino, ndipo chikugwirizana ndi Surat al-Mumtahanah, ayah 8. Koma wophunzira fiqh akachiwerenga mofatsa apezamo mipata iwiri.

Mpata woyamba ndi wa mbiri. Pangano la Madina, monga momwe lidasungidwira mu Sirah ya Ibn Ishaq, likutchula Asilamu ndi mafuko a Ayuda, Akhristu mulibemo. Umboni wolunjika pa Akhristu ndi pangano lomwe Mtumiki (SAW) adachita ndi anthu a ku Najran, lomwe lidateteza matchalitchi ndi ansembe awo koma lidawaikira msonkho. Kutenga chigamulo cha Madina nkuchiika pa Akhristu a lero nkotheka, koma kumafuna qiyas yofotokozedwa bwino.

Mpata wachiwiri ndi wa fiqh. M'mabuku akale muli Shurut Umariyya, malamulo omwe amati adakhazikitsa ndi Umar ibn al-Khattab (RA), oletsa kumanga matchalitchi atsopano. Ibn al-Qayyim, yemwe adamwalira mu 1350, adawatambasula m'buku lake la Ahkam Ahl al-Dhimma, ngakhale akatswiri ambiri a mbiri amakayika ngati adachokeradi kwa Umar. Chikalata cha Marrakesh sichikuwatchula, ndipo sichikufotokoza za jizya ya mu Surat at-Tawbah, ayah 29. Nanga mwana wa madrasa yemwe wawerenga Ibn al-Qayyim atsate ziti?

Funsoli si la m'kalasi mokha. Ku Egypt, kwawo kwa Akhristu a mpingo wa Coptic, jizya idathetsedwa mu 1855, koma kumanga tchalitchi kudakhalabe kofuna chilolezo cha mtsogoleri wa dziko. Mu 1934 boma lidawonjezera zoyenereza khumi, kuphatikizapo kutalikirana ndi mzikiti. Lamulo nambala 80 la mu 2016 lidapereka mphamvuzo kwa abwanamkubwa a zigawo, komabe ndi lamulo la matchalitchi okha, losiyana ndi la mizikiti. Umzika wofanana umayesedwa pa zinthu zotere.

Chikalatachi chidapempha ma ulama kuti apange fiqh ya umzika, ndipo pempholi ndiye phindu lake lenileni. Ntchito yatsala kwa aphunzitsi: kuunika isnad ya Shurut Umariyya, ndi kusiyanitsa zigamulo za nthawi ya nkhondo ndi zigamulo zokhazikika. Allah ndiye Wodziwa koposa.